Amuna Anga Atayamba Kusowa Mawu

Mawu oyamba kuwathawa amuna anga, amene ine ndinaona ndi maso anga, anali oti lamba. Unali m'mawa, akukonzekera kupita kuntchito. Anaima pakhomo la kuchipinda atagwira thalauzi m'chiuno, n'kunena kuti, "Mayi, mwaika kuti ujeni uja? Ujeni... womangira apa?" Ndinaseka, nawonso anaseka. Ndinakawatengera lambayo pamsomali pomwe ankakhala masiku onse, iwo n'kumanga, n'kunyamuka. Tonsefe sitinaganizepo kanthu. Ndani sanaiwaleko mawu m'mawa asanamwe tiyi?

Amuna anga anali ejenti pa boda ya Mchinji, mmodzi mwa anthu aja othamanga ndi mapepala pakati pa madalaivala a mathiraki ndi a kasitomu kuti katundu aoloke. Imeneyo ndi ntchito ya pakamwa. Dalaivala wakwiya chifukwa watopa ndi kugona pamzere, mwini katundu akukalipa pa foni ali ku Lusaka, wa kasitomu akufuna pepala lina limene palibe analitchula dzulo, ndiye munthu woima pakati pawo ayenera kukhala wa lilime lozizira. Iwo ankakonda kunena kuti abale awo ali ndi minda ku Mkanda, koma munda wawo uli pakamwa. Pamaliro, pachinkhoswe, pamsonkhano wa kutchalitchi, anthu ankaloza iwo kuti alankhule. Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la nyumba yathu, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha pa boda, ndipo chibadwire sindine wolankhulalankhula. M'banja mwathu wolankhula anali mmodzi, ndipo zinkatikwanira.

Koma ujeni uja anachuluka. Supuni inasanduka "chodyera". Njinga anaitcha "galimoto ya miyendo". Tsiku lina anasakasaka dzina la mdzukulu wathu, mwanayo ataima patsogolo pawo akudikira, mpaka anangomuitana kuti "iwe". Chodabwitsa chinali choti zina zonse zinali bwinobwino. Njira sankasochera, wailesi ikafa ankaikonza okha, za mpira ankatsatira monga kale. Ketulo ankaidziwa ntchito yake, ankadziwa pomwe imakhala. Chimene chinasowa ndi dzina lake basi.

Tsiku lina anabwerera kunyumba dzuwa lisanafike pamutu, zimene sankachita. Anakhala pa benchi ya makasitomala anga n'kumangoyang'ana mathiraki akudutsa. Nditaimitsa makina anati, "Ndaima pawindo paja. Munthu akundifunsa. Ndikudziwa, mayi, zonse ndikudziwa. Zili umu." Analoza kumutu. "Koma kuti zifike apa..." Anagwira milomo n'kupukusa mutu. Pambuyo pake ndinamva kwa anzawo kuti anaima pawindo la a kasitomu mapepala ali m'manja, mzere uli kumbuyo, pakamwa pali yasa, mpaka wina anawakoka mkono. Kuchokera pamenepo kuntchito ankapita mwa apo ndi apo, kenako analekeratu.

Kuchipatala cha kuno anawayeza shuga, malungo, kuthamanga kwa magazi, zonse zinali bwino. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ndiye anatitenga kukaonana ndi dokotala wa za ubongo. Anawaunika m'mutu ndi makina. Dokotalayo anati si sitiroko. Anati ndi m'gulu la matenda aja amene amaiwalitsa okalamba, kungoti awa amayambira pa mawu n'kumakula pang'onopang'ono, ndipo mankhwala ochiza kulibe. Amuna anga anali asanafike n'komwe zaka 60. Anamvetsera zonse ali phee, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Zithera pati?" Dokotala anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana pansi.

Anatiuzanso kuti kuli anthu ophunzira ntchito yothandiza odwala kulankhula, koma ndi owerengeka, ndipo kwathu kumalire kuno sitikanawapeza. Mwana wathu anafunsafunsa mpaka anapeza mayi wina ku Blantyre amene ankaona odwala akutali kudzera pa foni ya vidiyo. Anatisiyira foni yake yakale ya galasi lalikulu, n'kundiphunzitsa podina.

Kuno foni ili ndi khalidwe lake. Ukakhala pabalaza imagwira netiweki ya ku Zambia, n'kukutumizira uthenga wokulandira m'dziko la eni uli pampando wako womwe. Titayesayesa tinapeza kuti malo odalirika anali kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhunda. Ndiye Lachitatu lililonse m'mawa ndinkatulutsa kathebulo ndi mipando iwiri, foni n'kuitsamiritsa pa chitini cha mabatani. Amuna anga ankasamba, kuvala jekete ndi nsapato zopolisha ngati akupita ku ofesi, n'kukakhala pakati pa khola la nkhunda ndi chingwe choyanikira zovala.

Mayi wa ku Blantyre uja anali wamng'ono, msinkhu wa mwana wathu, wovala magalasi, wolankhula Chichewa cha kumwera. Amuna anga anawatcha "aphunzitsi" tsiku loyamba lomwelo, ndipo inenso ndinazolowera kuwaitana choncho. Sanatizungulire. Anati, "Mayi, sindikufuna kukunamizani. Matendawa sindingawaimitse. Zimene tingachite ndi kugwirizira mawu amene bambo akadali nawo kuti akhalitseko, komanso kupeza njira zina zomvanirana mawuwo asanathe."

"Nanga phindu lake n'chiyani ngati mapeto ake ndi omwewo?" ndinafunsa.

"Nthawi yoti muzimvana italikirako. Sindinganene kuti ndi yaitali bwanji."

Anandituma kuti ndijambule zinthu za pakhomo pathu pomwe: ketulo, wilibala, njinga, sizasi yanga, nkhunda, mpopi, nkhope za ana. Ndinkawatumizira, iwo n'kumazionetsa pagalasi chimodzichimodzi.

"Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ndi ujeni... wa madzi."

"Madzi ozizira?"

"Ayi, ayi. Otentha. Pamoto."

"Amachigwira ndani m'mawa?"

"Mayi awa."

"Dzina lake likuyamba ndi ke..."

"Ke... ketulo! Ketulo!"

Ankamenya thebulo ndi chikhatho, nkhunda n'kubalalika. Tsiku limenelo ankaitchula ketulo mpaka madzulo, nthawi zina ankapita dala kukhitchini kukaiyang'ana. Lachitatu linalo, pena ketulo inkapezeka ikadalipo, pena tinkayambiranso pa madzi otentha paja.

Wophunzira wovuta ndinali ine. Ndinkalephera kupirira kuwaona akuvutika, ndiye ndinkawamalizira mawu. Aphunzitsi ankandiletsa mofatsa. "Mayi, dikirani. Mukaona ngati mwadikira mokwanira, dikiraninso." Anandiphunzitsa kuzimitsa wailesi ndisanalankhule nawo, kuwayang'ana kumaso, kufunsa funso limodzi pa nthawi imodzi. M'malo moti "Mukufuna chiyani?" ndizifunsa kuti "Tiyi kapena thobwa?" Zaka zonsezo ndinkadziyesa munthu wodekha, koma ndinapeza kuti kudekha kwanga kunali kwa munthu amene mnzake amamulankhulira zonse.

Netiweki ikafooka, nkhope ya aphunzitsi inkauma pagalasi ali pakati pa mawu, kukamwa kuli kotsegula pang'ono, maso atayang'ana penapake. Ulendo woyamba zitachitika, amuna anga anawerama n'kuyang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa ine ndi nkhope yachisoni. "Nawonso," anatero monong'ona. "Awathawa." Ndinawafotokozera kuti ndi foni chabe, ndipo anaseka, pakuti nthawi imeneyo ankamvetsa. Chithunzi chikauma ankachilimbikitsa mwanthabwala ndi mawu omwewo amene ankauzidwa iwo: "Pang'onopang'ono, aphunzitsi. Abwera." Poyamba ndinkaseka nawo. Miyezi itapita ndinaona kuti sakuchitanso nthabwala. Ankadikira moona mtima, ndi chifundo chenicheni. Anthu awiri ali duu kuyang'anizana, wina pagalasi wina pampando, onse kukamwa kotsegula, nkhunda zokha zikulira. Ine ndinkayang'ana kumbali.

Mvula itayamba, aphunzitsi anati yakwana nthawi yosankha ziganizo zochepa zoti bambo aziloweze mpaka zikhazikike ngati nyimbo, kuti mawu ena akadzatha zimenezo zidzatsale. Anafunsa kuti, "Bambo, n'chiyani chimene mumafuna kuuza anthu koma chimakukanikani?" Ine ndinkaganiza kuti asankha pemphero, kapena maina a ana. Koma masiku amenewo anthu anali atayamba kupereka moni kwa ine ndekha iwo ali pomwepo. Ena ankawakuwira ngati ogontha. Ana a sukulu ankagundana zigongono akamadutsa pakhonde. Tinakambirana milungu ingapo, iwo akuloza, akukana, akugwedeza mutu, mpaka tinapeza zimene ankafuna:

"Ine ndikudwala matenda a mawu. Sindine wamisala. Ndikumva zimene mukunena. Chonde musafulumire."

Ankazibwereza m'mawa uliwonse atakhala pa benchi, ine ndikusoka. Tinazindikira kuti zimatuluka bwino akamatsatira kugunda kwa makina, ndiye ndinkaponda makinawo pang'onopang'ono ngakhale pansi pa singano palibe nsalu. Makasitomala otipeza tili choncho ankaima chapatali, ena ankabwerera osafika.

Pakhomo pakagwa zachilendo anthu sakhala chete. Ena ankati bambo anakhwimira chuma cha pa boda ndipo zawatembenukira. Ena ankati ndi nsanje ya anzawo a ntchito. Koma mbiri imene inakafika kwawo ku Mkanda inali yoti ine ndinawadyetsa khuzumule, mankhwala aja opusitsa mwamuna kuti azingomvera mkazi, ndipo ndinapyola muyezo.

Alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, anafika pa kabaza Lachitatu lina m'mawa osatumiza uthenga. Anatipeza kuseri kuja, mchimwene wawo atavala jekete, akuuza foni kuti nkhunda ndi nkhuku. Anaima n'kumaonerera osapereka moni. Ndinapepesa kwa aphunzitsi n'kudula foni, tonse atatu n'kulowa pabalaza.

"Alamu, mchimwene wanga mwamuchita chiyani?" anayamba choncho.

"Akudwala, alamu. Achipatala anatiuza kuti..."

"Achipatala ati? Munthu amene ankaimika msonkhano wonse ndi pakamwa pake, lero mukumuphunzitsa kutchula nkhuku ngati mwana wa sukulu ya mkaka? Nanga mtsikana wa m'galasiyo ndani? Munamuonapo? Kwawo mumakudziwa?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa zoona munthuyo ndinali ndisanamugwirepo dzanja. Alamu anapitiriza. Anatchula zimene anthu akunena, anatchula khuzumule mosabisa, anati mchimwene wawo wasanduka chithunzi m'nyumba imene anamanga yekha. Nthawi yonseyo ankalankhula moyang'ana ine, ngati mwini nkhaniyo mulibe m'nyumbamo.

Amuna anga anali atakhala manja ali pamaondo. Mwadzidzidzi anaimirira n'kuwongola jekete monga ankachitira akamalankhula pagulu. Ndinaona phazi lawo likugunda pansi pang'onopang'ono.

"Ine ndikudwala matenda a mawu," anatero. "Sindine wamisala. Ndikumva zimene mukunena. Chonde musafulumire."

Zinatuluka zonse, zowongoka, ndi liwu lawo lakale. Kenako anayesa kupitiriza ndi mawu amene sitinawaloweze. Dzanja lawo linkaloza ine. Ndinkadziwa zimene akufuna kunena ndipo lilime linkandiyabwa, koma ndinaluma mlomo n'kudikira. Tinadikira nthawi yaitali ndithu.

"Mayi awa," anatero potsiriza. "Awa... ayi. Ayi."

Alamu anafunda chitenje kumaso n'kulira. Za khuzumule sanazitchulenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Koma atapukuta misozi anapempha kuti awatenge kumudzi kwa kanthawi, akaonane ndi munthu wina wa zitsamba amene iwo ankamukhulupirira. Ndinawafunsa amuna anga monga ndinaphunzitsidwira: "Mupite kapena mukhale?" Anati, "Pite." Sindinawakanize. Nanenso mumtima ndinali ndi kachiyembekezo kanga kamene sindinkauza aphunzitsi.

Amuna anga anabwerako anthu atayamba kudya mondokwa, ali ndi mphini pakhosi ndi m'mbali mwa mutu. Pakamwa pawo ketulo inali itapita, wilibala inali itapita, njinga inali itapita. Sindinganene kuti chinachititsa ndi ulendowo. Aphunzitsi anati matendawa amayenda choncho, pena amaima, pena amadumpha. Za mphinizo sanandikalipire. Anangoti, "Aliyense wowakonda akuyesa zimene akudziwa, mayi. Tiyeni tione zimene zatsala."

Zimene zinatsala zinali ziganizo zija. Zinatsala monga aphunzitsi ananenera, koma mwa njira imene ine sindinaiyembekezere. Mawu ena onse atatha, chilichonse chimene amuna anga ankafuna kunena chinayamba kutulukira mmenemo. Munthu akati, "Mwadzuka bwanji, bambo?" ankayankha mwaulemu kuti, "Chonde musafulumire." Akamwaza chimanga kwa nkhunda ankaziuza kuti, "Ine ndikudwala matenda a mawu." Kutchalitchi, mpingo wonse ukanena kuti ameni, pambali panga pankamveka liwu loti, "Musafulumire."

Mwana wathu wa ku Lilongwe uja atabereka mwana wachiwiri, anabwera naye kudzamuonetsa. Anagwada n'kuika khandalo m'manja mwa bambo ake. Analiyang'ana nthawi yaitali, nkhope yonse ikuwala, chala chawo chikusisita katsaya. Milomo inayamba kusuntha. Tonse tinadikira. Anaweramira khutu la khandalo, n'kulinong'oneza mwachikondi chonse kuti, "Sindine wamisala." Mwana wathu anadzuka n'kuthamangira kuseri. Ndinamupeza atatsamira khoma, akulira mosatulutsa mawu.

Lachitatu lotsatira ndinafunsa aphunzitsi kuti, "Kodi sitinalakwitse kuwaphunzitsa zimenezi? Bwenzi titasankha mawu ena, oti zikomo, kapena oti Mulungu akudalitse."

Anati, "Funso limenelo nanenso ndimadzifunsa. Koma anasankha okha, mayi, ali ndi nzeru zawo zonse. Imeneyo ndiyo njira imene anaiponda kwambiri, ndiye ndi yokhayo imene sinamere udzu. Musamvetsere mawuwo. Muzimvetsera mmene akuwanenera."

Ndinayesa, ndipo zinatheka. "Musafulumire" wa njala anali wosiyana ndi wa kuthokoza. Wa mkwiyo anali waufupi, wa kufuna kutuluka panja ankabwera ndi dzanja pa chitseko. Tinakhala miyezi yambiri tikumvana ndi mawu amodzimodziwo, ndipo ena mwa masiku amenewo anali abwino. Ankandipindira nsalu, ankanditolera mapini ndi maginito, tikamadya ankandisankhira mnofu wabwino n'kundiikira m'mbale monga ankachitira kuyambira tili achinyamata.

Chimene chimandibwererabe m'mutu mpaka lero chinachitika masana ena otentha, ndikudula nsalu ya yunifolomu. Sizasi inali pa benchi pambali pawo. Ndinati, "Bambo, tandipatsirani sizasiyo." Anandiyang'ana. Ndinabwereza pang'onopang'ono: "Sizasi." Anayang'ana benchi, anayang'ana msewu, anayang'ana manja awo, n'kundiyang'ananso ine. M'maso mwawo munalibe kusaka kuja kumene ndinakuzolowera. Mawu angawo anawafika ngati phokoso la thiraki yodutsa. Kenako anamwetulira mofuna kundilimbitsa mtima n'kunena momveka bwino kuti, "Ndikumva zimene mukunena."

Chiganizo chimene anachimenyera nkhondo kuti anthu achikhulupirire chinali chitasiya kukhala choona, ndipo iwo sankadziwa. Anapitiriza kuchinena kwa aliyense wofika pakhonde. Anthu ankandiyang'ana kuti nditsimikize, ine n'kumagwedeza mutu.

M'mawa wina ndikuchapa kuseri, amuna anga anavala jekete, anatenga envelopu yopanda kanthu, n'kulowera kuchipata. Nditazindikira ndinathamanga msewu wonse chitenje chili m'manja. Ndinawapeza ataima pamzere wa pawindo lija, mwadongosolo, envelopu ili pachifuwa. Ogwira ntchito ambiri anali atsopano, sankawadziwa. Bambo wina wosintha ndalama, mnzawo wakalekale, anali ataima nawo pamzerepo ngati naye ali ndi mapepala, kuti asawachititse manyazi. Atandiona anati, "Akulu, lero ofesi yatseka msanga. Tiyeni tiperekeze mayi kunyumba." Anabwerera osavuta. Kuyambira tsiku limenelo jekete ndinkalibisa, kulitulutsa Lachitatu lokha.

Maphunziro a Lachitatu nawo anasintha. Zithunzi sankazitchulanso, ankangoloza, kenako kulozako kunatha. Aphunzitsi anayamba kulankhula kwambiri ndi ine. Bambo atayamba kutsamwa ndi madzi, anandiphunzitsa kuwakhazika chowongoka, kulimbitsa phala, kupereka pang'onopang'ono ndi kasupuni, kuyang'ana pakhosi kuti ndione ngati ameza ndisanapereke kena. Ankaonerera pagalasi ine ndikuwadyetsa, n'kumandiwongolera. Nthawi zina ankangondifunsa kuti, "Nanga inuyo mayi, mwadya?" Palibe wina amene ankandifunsa funso limenelo.

Ziganizo zija nazo zinayamba kuperepeseka ngati kolala ya malaya akale. Choyamba kupita chinali cha matenda a mawu, kenako cha misala, kenako cha kumva chija, ndipo sindibisa, chimenecho chitapita ndinapuma. Kunatsala "musafulumire", kenako "fulumire", kenako "mire".

Linafika tsiku limene aphunzitsi ananena kuti ntchito yawo ndi bambo yafika pothera, ngakhale ine ndikhoza kumawaimbira nthawi ina iliyonse. Anapempha kuti ndiwayandikizire foni. Anati, "Bambo, ndathokoza kwambiri. Munali wophunzira wakhama." Amuna anga anayang'anitsitsa nkhope ya pagalasiyo. Sindikudziwa ngati anaizindikira. Anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuigwira patsaya ndi chala, ndipo chalacho chinadina podulira. Galasi linada. Ndinayesa kuimbanso koma foni inali itathawira ku netiweki ya ku Zambia. Tinakhalabe pomwepo kanthawi, iwo akuyang'ana nkhope yawo yomwe m'galasi lakudalo.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndi chibayo, titagona nawo m'chipatala masiku ochepa. Milungu yomaliza sankatulutsanso liwu lililonse. Tinakawaika kwawo ku Mkanda. Alamu anga anakhala pambali panga mwambo wonse, atandigwira dzanja. Aphunzitsi anaimba foni kupepesa, ndipo analira. Mpaka lero sitinakumanepo. Sindidziwa ngati ndi aatali kapena aafupi.

Patapita miyezi, ndikusoka pakhonde, thiraki ina inaima m'mbali mwa msewu. Anatsika dalaivala wachikulire wa imvi, wa ku Zambia, amene sindinkamudziwa. Anavula chipewa n'kukhala pa benchi.

"Amai, nenze kutali, ninamvela mochedwa," anatero m'Chinyanja cha kwawo. Anafotokoza kuti amuna anga anamuthandiza mapepala zaka zambiri, ndipo anabwera kudzapepesa maliro. Titacheza pang'ono anatulutsa foni yakale yong'aluka galasi. Anati ali ndi uthenga wa mawu umene bambo anamutumizira kalekale asanadwale, ndipo sanaufufute. Anafunsa ngati ndingakonde kuumva. Ndinavomera ndisanaganize.

Munamveka phokoso la mainjini, kenako liwu la mwamuna likuthamanga ngati madzi a mumpopi: "Akulu, musadandaule, mapepala atuluka, sunthani galimoto mufike kutsogoloko ndikupezani pompo, koma wa inshuwalansi uja mumupirire, ndi munthu wabwino kungoti m'mawa amadzuka ndi mwendo wakumanzere. Ndiye tamverani, ulendo uno musaiwale zitenje za mayi zija, zobiriwira osati zofiira, mukabwera chimanjamanja ine kunyumba kuja ndikalowera pawindo!" Kenako kuseka, kuseka kwenikweni kochokera m'mimba, uthenga n'kutha.

Poyamba sindinalizindikire liwulo. Ndinakhala ndi munthu ameneyu kuyambira ndili mtsikana, koma ndinali nditaiwala kuti ankalankhula mothamanga choncho, kuti ankatha kunena zinthu zisanu ndi mpweya umodzi n'kutsala ndi wina wosekera. Amene ndinkamukumbukira, amene ndinkamulota, anali wa pa benchi uja. Zitenje zobiriwirazo ndinkazikumbukira bwino. Sindinkadziwa kuti anachita kupempha munthu.

"Tabwerezani," ndinatero.

Dalaivalayo anabwereza. Ndinapemphanso, anabwerezanso. Kumsewu thiraki ina inayamba kuliza hutala chifukwa yake inali itatseka njira. Anaimirira, koma sanachoke mpaka atanditumizira uthengawo mufoni yanga n'kuonetsetsa kuti wafika. Anavala chipewa, anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kuthamangira kugalimoto yake.

Ndinabwerera pamakina. Panali diresi la mkwatibwi loti lithe tsiku lomwelo, koma ulusi unandikanika kulowetsa pa singano. Ana ndinawauza kuti kunabwera mlendo wochokera ku Zambia kudzapepesa. Za uthengawo ndimati ndiwatumizira, koma mpaka pano sindinatumize.